Tchuthi cha awiri kunyanja ya mchere ndi ndalama za pa intaneti: mafunso ndi mayankho kwa mabanja a mu Lilongwe

Mwamuna ndi mkazi akagwirizana zokapuma kunja kwa dziko, kaya ukwati utangochitika kumene kaya patapita zaka zambiri ali pabanja, nkhani imayambira pa mchenga woyera koma posakhalitsa imafika pa madola. Masiku ano ikafika pamenepo sipalephera kupezeka munthu, mlamu kapena mnzanu wa kuntchito, wonena kuti vuto limeneli linatha kale chifukwa kuli ndalama za pa intaneti monga Bitcoin ndi USDT. Ine ndi akazi anga tinapita ku Zanzibar nthawi imene ndinali nditangoyamba kuphunzira za ndalama zimenezi, ndipo mafunso ali m'munsimu ndi amene tinali nawo ifeyo, komanso amene mabanja ena akhala akutifunsa.

Kodi banja lochokera ku Lilongwe lingapite kuti popanda kuvutika ndi viza?

Malo atatu ndiwo Mmalawi angafikeko mosavuta. Oyamba ndi Zanzibar, zilumba za dziko la Tanzania, kumene munthu wa pasipoti ya Malawi amalowa popanda viza. Achiwiri ndi gombe la Mozambique, makamaka Vilankulo, kumene mumakwera boti lopita ku zilumba za Bazaruto, ndi Tofo pafupi ndi Inhambane. Nakonso safunsa viza pa ulendo waufupi, koma m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa dzikolo mwakhala muli nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, choncho kumeneko musakuike pa ndondomeko yanu. Achitatu ndi Mauritius, dziko limene lili mu SADC ngati lathu ndipo silifuna viza kwa Amalawi, ngakhale kuti tikiti yake ndi yodula chifukwa muyenera kudzera ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Kwa banja limene likutuluka koyamba, ine ndimalimbikitsa Zanzibar, chifukwa ndi kufupi, chakudya chake sichachilendo kwenikweni, ndipo malo ogona alipo a thumba lililonse.

Nyengo yabwino yopitira ndi iti?

Ku Zanzibar mvula yaikulu imagwa kuyambira Marichi mpaka Meyi, ndipo nthawi imeneyi mahotela ena amatsitsa mitengo pamene ena amatseka ndithu. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma, kutentha kwake kopiririka, koma mu Julayi, mu Ogasiti ndi pa Khirisimasi mitengo imakwera chifukwa cha alendo ochokera ku Ulaya. Ku Mauritius ndi ku Mozambique nyengo ya anamondwe ndi kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo chakummwera mu Marichi 2023 sitifunika kuuzidwa kawiri. Onaninso kalendala ya Chisilamu, chifukwa anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo m'mwezi wa Ramadan malo odyera ambiri a m'tauni amatseka masana.

Tidzayenda bwanji, ndipo tidzafunika mapepala ati?

Njira yachidule ndi kukwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Malawi Airlines imapita ku Dar es Salaam, ndipo kuchoka kumeneko mungakwere kandege kakang'ono kapena boti lothamanga limene limatenga pafupifupi maola awiri kukafika ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar. Ena amadzera ku Nairobi ndi Kenya Airways kapena ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines. Amene ali ndi nthawi yambiri kuposa ndalama amayenda pamsewu kudzera ku Mzuzu, Karonga, chipata cha Songwe ndi Mbeya, ulendo umene umaposa usana ndi usiku ndipo umafuna anthu awiri olezerana mtima.

Pasipoti ya aliyense ikhale ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe ntchito. Ngati mudzakhala maola oposa 12 pa bwalo la ndege ku Kenya kapena ku Ethiopia, a zaumoyo ku Tanzania angakufunseni khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, Zanzibar inakhazikitsa lamulo lakuti mlendo agule inshuwaransi ya kampani ya boma ya Zanzibar Insurance Corporation, ndipo mtengo umene unalengezedwa unali madola 44 pa munthu wamkulu. Muigule musananyamuke, ndipo chiphaso chake muchisindikize papepala, musangodalira foni.

N'chifukwa chiyani nkhani ya ndalama za pa intaneti imalowerera pa ulendo wa tchuthi?

Imalowerera chifukwa cha mantha awiri, ndipo onse awiri ndi omveka. Oyamba ndi akuti kwacha imagwa mphamvu munthu ali mkati mosunga. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Banja limene linali litasonkhanitsa ndalama za ulendo kwa chaka chathunthu linadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti zimene zikanalipira sabata yonse ku hotela zikungokwanira masiku ochepa. Mantha achiwiri ndi akuti ngakhale kwacha muli nayo, madola kubanki simuwapeza nthawi imene mukuwafuna, ndipo khadi lanu limapatsidwa malire a ndalama zimene mungagwiritse ntchito kunja. Munthu amene wabwezedwa kangapo kubanki ku City Centre kapena ku Old Town, akamva kuti pali dola ya pa foni imene imagulidwa ndi Airtel Money kapena Mpamba ali khale pakhomo, sangalephere kutchera khutu.

Kodi Bitcoin ndi USDT n'chiyani kwenikweni?

Bitcoin inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009, ndipo anaiyambitsa ndi munthu kapena gulu lodzitcha Satoshi Nakamoto. Ilibe banki, ilibe boma loiyang'anira. Ndi kaundula amene makompyuta ambirimbiri padziko lonse amasunga mofanana, wolemba kuti ndalama zachoka pa adiresi iyi kupita pa iyo, ndipo chimene chalembedwa sichifufutika. Chiwerengero chake sichidzapitirira 21 miliyoni, koma simufunika kugula yathunthu chifukwa imodzi imagawika m'tizigawo 100 miliyoni. Si nthano ya kutali kokha ayi, popeza ku Bondo m'boma la Mulanje kampani ya Gridless inaika makina opezera Bitcoin pa magetsi a madzi amene amaunikira midzi ya kumeneko.

USDT ndi ina. Imatulutsidwa ndi kampani ya Tether, imene imalonjeza kuti USDT imodzi idzakhala yofanana ndi dola imodzi chifukwa kumbuyo kwake kuli chuma chosungidwa. Anthu ambiri amene amati ali ndi madola pa foni amanena imeneyi. Koma lonjezo la kampani si dola yeniyeni. Mu Meyi 2022 ndalama ina yotchedwa TerraUSD, imene nayonso inkati ndi yofanana ndi dola, inagwa m'masiku ochepa mpaka kukhala yopanda ntchito. Mu Marichi 2023 USDC, ndalama inanso ya mtundu womwewu imene ambiri amaidalira, inatsika kufika pansi pa masenti 90 banki ya Silicon Valley Bank itagwa, ngakhale kuti pambuyo pake inabwerera m'malo mwake.

Kodi malamulo a Malawi amalola?

Mu 2019 banki yaikulu ya Reserve inalengeza kuti ndalama zimenezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, kutanthauza kuti palibe amene angakakamizidwe kuzilandira, ndipo mukaberedwa palibe bungwe la boma limene lidzakubwezereni. Koma mfundo yolemera kwambiri kwa munthu wapaulendo ili kwina. Malamulo athu a ndalama zakunja amanena kuti kugula, kugulitsa ndi kutulutsa ndalama zakunja kuzichitika kudzera m'mabanki ndi m'malo osinthira ndalama amene ali ndi chilolezo. Munthu amene wagula USDT yambiri ndi kwacha n'cholinga chokaisandutsa madola kunja angaoneke ngati watulutsa ndalama mozemba malamulo, ngakhale mumtima mwake munali tchuthi chokha. Ndalama zambiri zikamalowa ndi kutuluka mu akaunti yanu ya pa foni kuchokera kwa anthu osawadziwa, zingakopenso maso a Financial Intelligence Authority, chifukwa simudziwa kumene wogulitsayo anazitenga. Pa chifukwa chimenechi, ife tikiti, hotela ndi ndalama za m'thumba tinazidutsitsa kubanki, ndipo ndimalangiza banja lililonse kuchita chimodzimodzi ngakhale njirayo ndi yochedwa.

Kugula koyamba kumakhala kotani kwa munthu amene sanagulepo?

Ine ndinagula pang'ono kwambiri, ndalama zimene zikanatayika sitikanagona ndi njala, cholinga chili kuona ndi maso anga zimene anthu amakamba. Choyamba msika wa pa intaneti umakufunsani chithunzi cha chitupa chanu ndi cha nkhope yanu. Kenako mumaona mndandanda wa anthu wamba amene akugulitsa, aliyense ndi mtengo wake komanso chiwerengero cha malonda amene anachitapo. Mukasankha mmodzi, msikawo umagwira USDT yake pakati, inu mumatumiza kwacha pa nambala imene wakupatsani, ndipo iye akaona kuti zafika amavomereza kuti USDT imasulidwe.

Mphindi zapakatizo n'zimene sindiziiwala. Tinali titakhala patebulo madzulo, uthenga wa pa foni utanena kale kuti kwacha yachoka, koma pa sikirini panali wotchi yokha yowerengera nthawi chotsika, ndi dzina la munthu amene sindinamuonepo. Akazi anga anafunsa funso limodzi: "Akapanda kutumiza, mukamupeza kuti?" Wogulitsayo anatumiza ndithu, koma funso lawolo ndi limene aliyense woyamba ayenera kuliyankha asanadine batani, ndipo yankho lake ndi lakuti chitetezo chanu chonse chili pa kusatuluka mu msikawo. Wogulitsa akati mupitirize nkhani pa WhatsApp kuti akuchotsereni mtengo, kanani. Mukamagulitsa inuyo, musamasule kanthu chifukwa cha uthenga kapena chithunzi chimene wogula wakutumizirani. Tsegulani akaunti yanu, muone nokha kuti ndalama zalowadi.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi mtengo. Nthawi imene dola kubanki inali pafupifupi K1,750, USDT inkagulitsidwa pa mtengo woyandikana ndi wa anyamata osintha ndalama mumsewu, wokwera kutalitali. Amene amaganiza kuti pa foni apeza dola yotsika mtengo adziwe kuti kulibe. Chimene mumagula ndi kupezeka kwake, ndipo mumakulipira mokwera.

Bwanji tisunge ndalama za ulendo mu Bitcoin kuti zichuluke tisananyamuke?

Musatero. Mu Novembala 2021 Bitcoin imodzi inafika pafupifupi madola 69,000, ndipo patangotha chaka inatsika kufika pansi pa madola 16,000. Banja limene linaika madola 1,000 pa nthawi yokwerayo linatsala ndi osakwana 250. N'zoona kuti mu Disembala 2024 inadutsa madola 100,000, ndipo amene anadikira anapindula, koma ndalama za ulendo sizidikira. Zili ndi tsiku lake: tchuthi mwapempha kale kuntchito, ana mwakonza kale kuti akakhale kwa agogo, hotela ikufuna malipiro. Munthu amene ali ndi tsiku amakakamizika kugulitsa pa mtengo umene waupeza, kaya wakwera kaya wagwa.

Kusiya ndalama pa msika wa pa intaneti nakonso kuli ndi ngozi yake. FTX unali umodzi mwa misika ikuluikulu padziko lonse, koma mu Novembala 2022 unagwa, makasitomala n'kulephera kutulutsa ndalama zawo, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 25.

Tikafika, kodi tingalipire hotela ndi chakudya ndi ndalama zimenezi?

M'malo ambiri ayi. Pa Forodhani ku Stone Town, pamene madzulo amayala matebulo a nsomba zootcha, chapati ndi madzi a nzimbe, wogulitsa amafuna mashilingi m'manja. Woyendetsa dala dala (minibasi ya kumeneko), mwini boti lopita ku chilumba cha Changuu kukaona akamba akuluakulu, ndi mayi wogulitsa nsalu, onse ndi chimodzimodzi. Mu 2025 dziko la Tanzania linakhwimitsanso lamulo lakuti malonda a m'dzikomo azichitika m'mashilingi. USDT yanga ija inapita ku Zanzibar n'kubwerako osagula ngakhale botolo la madzi. Kuti igwire ntchito, ndikanafunika kupeza munthu wa kumeneko woigula, kukhala ndi nambala ya foni ya m'dzikomo yolandirira mashilingi, ndi kukhulupirira mlendo m'dziko limene malamulo ake sindiwadziwa.

Amene akulota za kutali adziwenso kuti Thailand inaletsa kulipira katundu ndi ndalama zimenezi mu Epulo 2022, ndipo ku Indonesia lamulo limafuna rupiah yokha, moti mu 2023 akuluakulu a ku Bali anachenjeza kuti alendo olipira ndi ndalama za pa intaneti adzalangidwa.

Nanga foni ikatayika kapena kubedwa tili paulendo?

Ngati ndalamazo zili pa msika, mungathe kulowanso pa foni ina, koma nambala yachinsinsi yotsimikizira imabwera pa SIM yanu ya Malawi, imene simungaibwezeretse muli kunja. Ngati zili mu waleti yanuyanu, kutanthauza pulogalamu ya pa foni imene mumasungiramo nokha ndalama zimenezi, chilichonse chimadalira mawu 12 kapena 24 amene waletiyo inakupatsani tsiku loyamba. Amene ali ndi mawuwo ndiye mwini ndalama. Alembeni papepala ndi cholembera, musawajambule, musawatumize kwa aliyense, ngakhale kwa munthu wodzitcha wothandiza makasitomala, ndipo pepalalo lisiyeni kunyumba pamalo amene nonse awiri mukuwadziwa. Potumiza ndalama, onetsetsani kuti njira ya wotumiza ndi ya wolandira ndi imodzi, chifukwa USDT imayenda pa Tron, pa Ethereum ndi pa njira zinanso, ndipo yolakwika ingameze ndalamazo. Tumizani kaye pang'ono, zikafika mutumize zotsalazo.

Mnzathu wa kutchalitchi akuti tilowe gulu limene limapereka phindu mwezi uliwonse. Kodi ndi zomwezi?

Si zomwezo. Bitcoin siibereka chiwongola dzanja, ndipo palibe munthu woona mtima amene angalonjeze phindu lokhazikika pa chinthu chimene mtengo wake umasintha ola lililonse. Ku South Africa kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza phindu la pafupifupi 10 peresenti pa mwezi, ndipo inkapereka mphotho kwa aliyense wobweretsa mnzake, mpaka inagwa mu Disembala 2020 ndi ndalama za anthu zikwizikwi. Gulu lina lotere, OneCoin, linayenda m'mayiko ambiri ndi misonkhano ya m'mahotela, ndipo mtsogoleri wake Ruja Ignatova anasowa mu 2017. Zizindikiro zake sizisintha: phindu lolonjezedwa, kukakamizidwa kubweretsa abale, ndi ndalama ina imene amati mulipire kaye kuti mutulutse zanu. Chowawa n'chakuti amene akukuitaniyo nthawi zambiri si kamberembere, ndi mnzanu amene nayenso wakhulupirira, ndipo zikagwa mudzakhala naye pa benchi imodzi Lamulungu lililonse. Mukaneni mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo.

Mmodzi wa ife akufuna kuyesa, winayo sakufuna. Titani?

Ndalama za ulendo ndi za anthu awiri, ngakhale zitakhala kuti wina anasonkha zambiri, choncho mawu a amene akukana ndiwo apambane pa ndalama zimenezo. Amene akufuna kuphunzira atenge kochepa kuchokera m'thumba lake, anene poyera kuti ndi zingati, ndipo amuonetse mnzake pa foni mmene zikuyendera. Chimene chimapasula mtendere m'nyumba si kutayika kwa ndalama kokha ayi, koma kutulukira kuti mnzako anatapa m'thumba la banja mwakachetechete poganiza kuti abweza zitachuluka. Nkhani zotere zimafika kwa ankhoswe, ndipo pamenepo za Zanzibar zimakhala zitaiwalika. Palinso chifukwa china cholemera: mwamuna kapena mkazi akamwalira mwadzidzidzi, banki ili ndi njira yoperekera ndalama kwa otsala, pamene waleti imene mawu ake ankawadziwa malemu okha imakhala yotseka mpaka kalekale.

Ndiye ndalama zenizeni za ulendo tizikonze bwanji?

Yambani msanga, miyezi ingapo tsiku lisanafike. Gulani tikiti poyamba, chifukwa ikagulidwa kugwa kwa kwacha sikuikhudzanso, ndipo banki imafuna kuona tikiti ndi pasipoti isanakugulitseni ndalama zakunja. Pemphani madola kubanki kwanu ndi kumalo osinthira ndalama ovomerezeka, mulandire ngakhale pang'onopang'ono, ndipo malisiti onse muwasunge chifukwa angafunidwe pa bwalo la ndege. Onani madolawo musanachoke pakauntala, popeza akale kwambiri, ong'ambika kapena olembedwa amakanidwa ku East Africa, ndipo a 50 ndi 100 amasinthidwa pa mtengo wabwino kuposa ang'onoang'ono. Uzani banki masiku amene mudzakhale kunja, mufunse malire a khadi lanu, ndipo ngati n'kotheka aliyense anyamule khadi la banki yosiyana. Ndalama za m'manja muzigawe pawiri, zina kwa bambo zina kwa mayi.

Tikakafika ku Zanzibar, n'chiyani chimene sitiyenera kuphonya?

Gombe musankhe mwanzeru. Ku Nungwi ndi ku Kendwa, kumpoto, mungasambire nthawi iliyonse. Ku Paje ndi ku Jambiani, kum'mawa, nyanja imaphwa n'kubwerera kutali kawiri pa tsiku, zimene zimadabwitsa munthu wozolowera Senga Bay, ndipo ikaphwa mumaona amayi akulima ndere za m'nyanja pa zingwe zomangidwa pa zikhomo. Ku nkhalango ya Jozani kuli anyani ofiira amene kwawo ndi ku Zanzibar kokha. M'tauni ndi m'midzi valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo chitenje cha mayi chimathandiza kwambiri.

Koma Mmalawi asachoke asanafike ku tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Stone Town, tauni imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000. Tchalitchichi chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu amene anagulitsidwa pamenepo anachokera m'dera la nyanja yathu, ena atawolotsedwa pa zombo za Jumbe ku Nkhotakota n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amene anamanga tchalitchichi ndi omwewo amene pambuyo pake anamanga cha St Peter ku Likoma. Pakhomo pamakhala otsogolera alendo amene amakulowetsani m'zipinda zapansi ndi kukuonetsani ziboliboli za anthu omangidwa unyolo m'khosi. Muwauze kuti mwachokera ku Malawi, mupatule m'mawa wathunthu, ndipo munyamule mashilingi a pakhomo ndi a wotsogolerayo.